Mkazi Wopanda Mtengwa Sakalamba

Bishkek, 9 Malichi 2006

Okondedwa Ababa,

Ndikupereka moni kwa inu ndi Amayi. Ine kuno ndili bwino, chipale chofewa chasungunuka ndipo m'misewu muli matope okhaokha. Kodi nkhosa zayamba kuswa? Mundiuze ngati yamawanga ija inapulumuka chisanu.

Ndalemba chifukwa cha ntchito ija tinabwera nayo kumudzi mwezi watha, pamene tinasonkhanitsa anthu onse opitirira zaka 50 m'kalasi ya pasukulu. Mukukumbuka kuti aliyense tinkamupatsa kachitsulo kofinya ndi dzanja, kenako adzuke pampando osagwira kanthu, ayendenso kuchokera pabolodi mpaka pakhomo. Munatiseka kuti boma latopa kuwerenga nkhosa, layamba kuwerenga nkhalamba. Zotsatira zake zatuluka.

Ndiyambe ndi zanu, chifukwa ndikudziwa kuti simuwerenga zina musanamve zanu. Muli ndi zaka 73, koma manja ndi miyendo yanu ikufanana ndi ya munthu wa zaka 60. Chonde musakalengeze kumzikiti.

Za Amayi ndi zimene zandisowetsa mtendere. Ali ndi zaka 59, koma kachitsulo kaja anakafinya ngati munthu wa zaka 80, ndipo podzuka pampando anachita kugwira khoma. Ndinaganiza kuti mwina ndine ndinalemba molakwa, choncho ndinakafunsa abwana athu, mayi amene wayeza anthu m'zigawo zonse za dziko lino.

"Kanishai," anatero, "kalendala imawerenga zaka zimene munthu wadya kale. Ife tikuyesa kuona mphamvu zimene zatsala. Anthu awiri angabadwe tsiku limodzi, wina n'kukalamba, mnzake akadali. Amayi akowo anabereka kangati?"

"Kasanu ndi kawiri."

"Nanga mahatchi akama kuyambira liti?"

"Chikwatiwire."

Anangondibwezera pepala lija.

Ababa, pempho langa ndi limodzi. Amayi asakwere kubusa la kuphiri mu Juni muno. Kukama mahatchi kasanu patsiku, kutunga madzi kumtsinje, kupukusa mkaka wakewo m'thumba lachikopa kuti usase ukhale kimizi, thupi lawo silingathenso. Iwo sanena, mukuwadziwa. Ndili ndi mantha, ndipo sindikubisa.

Mwana wanu,
Kanishai

Boz-Bulak, 2 Epulo 2006

Mwana wanga Kanishai,

Moni. Ife tili bwino, Mulungu akutisunga. Nkhosa zaswa, yamawanga ija tinadya. Ukaona minibasi ya Asanbek utitumizire tiyi ndi mabatire a wailesi.

Kumzikiti sindinalengeze, monga unanenera. Ndinakawerengera kusitolo, komwe kumakhala anthu ambiri. Jumake wa pakhomo loyandikana nafe anati, "Toktosun, ngati uli ndi zaka 60 ndiye kuti ndine mkulu wako. Mutu wa nkhosa paphwando uzibwera kwa ine." Ndinamuuza kuti mutu wa nkhosa umatsata ndevu, sutsata kachitsulo.

Tsono za mayi ako. Ndinawauza kuti, "Iwe, akuti wandipitirira, uli ndi zaka 80." Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango. Akuti sanafinye kwambiri poopa kuthyola chinthu cha boma. Wamva? Ndipo pampando paja unkafuna adumphe ngati kamwana ka mbuzi pamaso pa amuna a mudzi wonse?

Ndikuphunzitse kawerengedwe ka ukalamba, popeza kusukulu kwanuko anakudumphitsani. Mwamuna amakalamba akapitirira zaka 63 zimene Mtumiki anakhala ndi moyo, zotsalazo ndi mphatso chabe. Mkazi amakalamba tsiku limene mtengwa walowa m'nyumba n'kumulanda ketulo. Unamuona kuti mayi wokalamba wodzithirira yekha tiyi? Mayi ako alibe mtengwa, ndiye akalamba bwanji? Akakhala pansi, akama ndani? Ine? Hatchi zanga sizidziwa dzanja la mwamuna.

Koma usaganize kuti bambo ako ndi chitsiru. Tinakhala pansi ndi mayi ako, tinaiwerenganso kalata ija, ndipo tinamva chimene ukunena. Wazungulira ndi manambala monga mwana waulemu, koma mfundo yako ndi yakuti mlongo wako Meder wafika zaka 27 akungonyamula katundu wa eni ku Russia, nyumba ilibe mtengwa, ndipo mudzi ukutiseka. Wanena zoona, ndipo zandichititsa manyazi kuti ndachita kukumbutsidwa ndi mwana. Ndamulembera kale.

Kuphiri tikwera monga mwa nthawi zonse, udzu ukangomera.

Bambo ako,
Toktosun

Novosibirsk, 30 Epulo 2006

Achemwali,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Kuno kukadali kozizira, ine ndikukankhabe ngolo kumsika. Kodi kumudzi mwamvako chiyani? Chifukwa zimene ndamva ine zandidodometsa.

Achemwali, munalemba chiyani kwa Ababa? Ndalandira kalata yoti ndibwere mu Novembala kudzakwatira. Mkazi andipezera kale, Akmor, mwana wa a Jumake. Ine ndimamudziwa ali kamwana ka mamina kothamangitsa ana a ng'ombe. Akuti tsopano ali ndi zaka 19, ali chaka choyamba kusukulu ya uphunzitsi ku Naryn. Ababa alemba kuti, "Mlongo wako, amene ndi dokotala wa ukalamba, wayeza n'kupeza kuti nyumba ikufunika mtengwa."

Ndinalakwa kuwerenga mokweza, chifukwa anyamata amene ndimagona nawo chipinda chimodzi sanandisiye.

"Meder, ife amatikwatitsa ndi azakhali, iwe akukukwatitsa ndi sikelo!"

"Mtsikanayo amuyeza kale? Afinye kaye kachitsuloko, mwina ndi wa zaka 80 naye!"

Ndinangoseka nawo.

Mundiuze zoona. Ngati Amayi akudwala, ndikwera sitima mawa lomwe. Ngati sakudwala, bwanji mwandiika pamoto chonchi? Inu muli ndi zaka 31, simuli pabanja, muli ndi manja awiri abwinobwino. Achemwali athu enawo akutumikira apongozi awo, sindingawanene. Koma inu mwayeza, mwapeza kuti Amayi atopa, ndiye mwatenga cholembera m'malo motenga ndowa. Bwanji osapita kukakama nokha?

Pepani, ndi ukali. Kukana sindingakane, mwana wamwamuna ndine ndekha ndipo moto wa pakhomo paja ndi wanga. Kungoti ndinkafuna ndidzasankhe ndekha, nditapezako kenakake.

Mlongo wanu,
Meder

Bishkek, 14 Meyi 2006

Ababa,

Moni kwa inu ndi Amayi. Tiyi ndi mabatire ndapatsira Asanbek pamodzi ndi kalata ino. Muiwerenge musanamange katundu wa kuphiri, ndipo mundiyankhe msanga.

Simunandimve. Sindinazungulire, ndipo za Meder sizinali m'mutu mwanga n'komwe. Ndinalemba zimene ndinaona. Amayi sanaope kuthyola chinthu cha boma. Ndinali pambali pawo, ndinaona mitsempha ya m'khosi ikutuluka, anafinya ndi mphamvu zawo zonse.

Ndipo si nyumba yathu yokha. M'midzi yonse ya kumapiri imene tayendamo, pafupifupi khomo lililonse mwamuna ndiye wamkulu pa zaka, koma mkazi ndiye wakalamba m'thupi. Anthu amalemekeza ndevu zoyera chifukwa zimaoneka. Zala zimene zafota m'madzi ozizira palibe amaziona, chifukwa nthawi zonse zimakhala zili m'ndowa. Ena mwa amayi amene tinawayeza ali ndi atengwa awiri, akhala pansi, koma mphamvu sizinabwerere. Madzi akatayika sawoleka.

Ukwati suwapumitsa Amayi chaka chino, uwawonjezera ntchito. Ndani asoke makapeti a ubweya a m'chipinda cha mtengwa? Ndani aphikire alendo? Inu mukudziwa kuti sadzalola mkazi wina kugwira chikombe chawo paukwati wa mwana wawo.

Pali njira zina. Mahatchi aakaziwo muwaphatikize ku gulu la a Jumake chilimwe chino, muzigawana mkaka. Kapena mugulitseko, mutsale ndi awiri. Meder musamukakamize, ndipo mwana wa eniyo musamutulutse m'sukulu chifukwa cha kalata yanga.

Meder wandifunsa chifukwa chake sindikubwera kudzakama ndekha. Funso lake landilasa. Ndinapempha tchuthi, andikaniza, akutitumiza kum'mwera kukayeza anthu mpaka Okutobala, ndipo ndikasiya ntchitoyi sindidzaipezanso. Ndikudziwa kuti ndikulamula ndili pampando. Komabe zimene ndikunenazi ndi zoona.

Kanishai

Kubusa la kuphiri, 20 Julaye 2006

Kanishai mwana wanga,

Ndine mayi ako. Uli bwanji? Chikulembereni bambo ako mu Epulo uli zii, kodi unakwiya? Kalata ino ndapatsira wa lole amene amadzagula kimizi. Usaseke zolemba zanga, cholemberachi n'choterera.

Ndikufuna ndikuthokoze, bambo ako asakumva. Zaka zisanu ndakhala ndikuwauza kuti Meder akwatire, iwo n'kumati, "Musiyeni mwana apezeko ndalama." Iwe wabwera ndi kachitsulo kako, wanama kamodzi kokha, nkhalamba yagonja. Zaka 80! Unachulutsa, mwana iwe, 70 ikanakwana. Koma unachenjera, mwamuna samva za mkazi wake, amamva za pepala.

Kuno udzu ndi wabwino, mahatchi akutulutsa mkaka wambiri. Bambo ako amagwira mwana wa hatchi, ine ndimagwada bondo limodzi monga kale. Ndowa inandipulumuka kawiri, iwo n'kumati hatchi ndiyo inaponda. Sinaponde, koma ndinawasiya. M'mawa zala zimadzuka zitafumbata, ndimazinyika m'madzi ofunda mpaka zitavomera. Si matenda, ndi kuzizira kwa kuno.

Pakati pa kukama ndikusoka makapeti. Awiri atha, atsala awiri. Mayi a Akmor anabwera kudzaona, anati, "Mlamu, mukudzipha, tigule a kumsika." Ndinati mtengwa wanga sadzaponda za kumsika. Unditumizire ulusi wofiira ndi singano zazikulu, zazing'onozi sindikuziona bowo. Uikemonso mankhwala aja a mutu, ukumandiwawa kumbuyo kuno ndikawerama.

Mtsikanayo ndi wabwino, wamanyazi, manja ake ndi osalala ngati a mwana. Akuti analira atamuuza za sukulu. Tonse tinalira, zimatha.

Usade nkhawa ndi ine. Chilimwe chino n'chomaliza. Chaka chamawa ndidzakhala pamalo a ulemu kutali ndi khomo, miyendo nditatambasula, ndikumwa tiyi wothiridwa ndi wina. Ndikaganiza zimenezi ndimasoka ndikuimba.

Mayi ako

Boz-Bulak, 11 Okutobala 2006

Kanishai,

Moni. Tatsika kuphiri bwino, ziweto zonse zilipo kupatula nkhosa ziwiri zimene mimbulu inatenga. Tamva kuti wabwerako kum'mwera.

Kalata yako ya mu Meyi ndailandira dzulo. Asanbek anatipatsa tiyi ndi mabatire, kalatayo anaiiwala kuseri kwa mpando chilimwe chonse. Wabwera nayo yothimbirira mafuta, akupepesa ngati wapha munthu. Ndamuuza kuti asadandaule, ngakhale ikanafika nthawi yake sindikanaimvera.

Ndiphatikize mahatchi anga kwa Jumake, munthu amene sadziwa kusiyanitsa hatchi yodwala ndi yogona? Ndigulitse? Komabe zofuna zako zachitika mwa njira ina. Mahatchi anayi apita kwa Jumake yemweyo monga malowolo. Zimenezi sizibwereranso, ndiye za kumusiya mtsikanayo kusukulu usazitchulenso, ungatichititse manyazi kwa asewere athu.

Mayi ako sindinawawerengere kalatayi. Akusangalala, ndiwasokonezerenji? Aonda pang'ono, koma ndi mkazi uti amene amanenepa chaka chokwatitsa mwana? Dzulo ndinawapeza atakhala pansi pafupi ndi khola, akuti amayang'ana mitambo. Ndinawafunsa ngati ali bwino, anandithamangitsa. Iwe umayesa ine ndilibe maso. Ndili nawo, ndipo n'chifukwa chake ndafulumiza zonsezi.

Ukwati uli pa 18 Novembala. Ubwere kudakali masiku, udzathandize kukazinga timandasi m'malo moyeza anthu. Ubwere ndi maswiti ndi mpango woyera wa mtengwa, wa silika weniweni.

Bambo ako

Boz-Bulak, 24 Novembala 2006

Achemwali,

Moni. Tinamva kuti minibasi yanu inabwezedwa paphiri chifukwa chipale chinatseka msewu. Mpango unafika ndi wa thirakitala. Msewu ukangotseguka bwerani, musadikire china. Amayi ali kuchipatala cha kuboma. Ali moyo, musakomoke.

Ndikuuzeni mmene zinachitikira. Phwando linatenga masiku atatu, kunabwera anthu a midzi inayi. Achemwali athu enawo anabwera kudzathandiza, koma mukuwadziwa Amayi. Mphika uliwonse ankafuna aulawe okha, mlendo aliyense amulandire okha. Ndinawauza kuti, "Amayi, khalani pansi." Anati, "Ndikhala mawa, mawa ndi langa."

Tsiku lachitatu Amayi anamuveka Akmor mpango uja, anamupsompsona pamphumi, Akmor anawerama katatu. Azimayi anayamba kufuula, "Khalani kumtunda, mayi wamkulu! Lero mwakalamba!" Anawakhazika pamalo a ulemu. Anakhala pang'ono, akumwetulira, kenako anati nyama ya alendo a ku Naryn ipserera, n'kudzuka. Tinawapeza panja atagwa pambali pa mphika, pakamwa patapotoka.

Kuchipatala dokotala anafunsa Ababa kuti, "Agogowa ndi amayi anu kapena achemwali anu aakulu?" Ababa anati, "Ndi mkazi wanga, ndinamusiya ndi zaka 14." Dokotala anawayang'ana, anayang'ananso Amayi, n'kulemba. Ababa anatuluka panja, anakhala m'chipale opanda chipewa mpaka ndinachita kukawakoka.

Akuti ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wa kumanja sizikugwira. Kulankhula akulankhula, koma pang'onopang'ono. Mawu awo oyamba anali ofunsa ngati alendo anadya.

Zimene ndinakulemberani mu Epulo zija muziiwale. Kapena musaziiwale, kaya, ine mutu sukugwira. Ndiyenera kubwerera ku Russia chaka chisanathe, apo ayi malo anga kumsika apatsa wina. Akmor atsala. Sitinalankhulane zambiri, nthawi yonseyi ali pambali pa bedi la Amayi, akuwamwetsa ndi supuni. Ndimachita manyazi kumuyang'ana.

Meder

Boz-Bulak, 22 Epulo 2007

Kanishai mwana wanga,

Ndine mayi ako, koma akulemba ndi Akmor. Ndamuuza kuti alembe zonse monga ndikunenera, asakonze. Uli bwanji? Chichokereni mu Januwale walemba kamodzi kokha. Meder watumiza nsapato, akuti abwera chaka chamawa.

Ine ndapuma tsopano, monga unkafunira. Ndimakhala pamalo a ulemu tsiku lonse, pa kapeti imene ndinasoka ndekha. Azimayi akalowa amayamba kupereka moni kwa ine. Ndikuyenda ndi ndodo mpaka pakhomo, ndikaona dzuwa n'kubwerera.

Bambo ako ayambiranso kupita kusitolo. Akuuza anthu kuti iwo ndiwo ananena zoona. Akuti, "Ndinati mkazi amakalamba tsiku limene mtengwa walowa. Taonani, mtengwa analowa, tsiku lomwelo anakalamba. Kachitsulo kaja kanaphonya ndi miyezi." Anthu amaseka. Akabwera kunyumba saseka, amakhala pafupi nane n'kumandisisita dzanja lakufali ngati akufuna kulidzutsa. Usawakwiyire.

Mu Januwale unandiuza kuti sunaname, ndipo unalira. Ndinakhala chete chifukwa pakamwa panali polemera. Ndikuyankhe lero. Ndinkadziwa kuti sunaname. Ndinafinya kachitsulo kaja mpaka m'maso munachita mdima, muvi wake sunasunthe. Koma ndikanavomera kuti ndi zoona, ndikanatani? Mahatchi sadikira munthu. Kunali kwapafupi kunena kuti mwana wanga ndi wochenjera.

Tsopano tamvera. Bambo ako agula mahatchi ena awiri, akuti nyumba yokhala ndi mtengwa singakhale yopanda kimizi. Mu Juni akwera ndi Akmor, ine nditsala kwa mayi ake. Mtsikanayu ali ndi pakati pa miyezi inayi. Ndinawauza bambo ako kuti adikire chaka, anati, "Iwe unakwera uli ndi pakati kasanu ndi kawiri." Ndipo ndi zoona.

Unati kuntchito kwanu mumayeza anthu opitirira zaka 50 okha. Kumeneko n'kuwerenga nkhosa mimbulu itadutsa kale. Ukawauze abwana ako aja kuti ndatero. Ubwere Juni asanafike, umuyeze uyu akadali watsopano, udzamuyezenso akatsika. Zotsatira zake usalembere bambo ako. Udzandiuze ine, pakamwa, tikhale awiri tiganize chochita. Ine ndinadikira mwana wa eni kuti andilanditse, ndipo wabwera, ndipo ndimamuyang'ana akutuluka ndi ndowa m'mawa uliwonse. Sindikugona bwino, Kanishai.

Mayi ako

Alamu, ndine Akmor. Ndalemba zonse monga ananenera, ngakhale pena ndimafuna kudumpha. Musavutike nane, ndili bwino, ndipo Amayi amandikonda. Akundiphunzitsa kukama. Ndimagwada bondo limodzi pafupi ndi khomo pomwe angandione, ndowa ili pantchafu, iwo n'kumandiuza kagwiridwe. Ndayamba ndi ng'ombe, mahatchi akuti ndi ovutirapo. Zala zikundipweteka kwambiri, cholembera ndachita kupumira katatu. Ndinafunsa mayi anga ondibereka ngati zimenezi zimatha. Akuti zimapweteka chaka choyamba chokha, kenako zimasiya kumva, ndipo pamenepo ndiye kuti wadziwa ntchito.